Anayamba ndani kutumiza munthu m'mlengalenga popanda ndalama za boma?

Zikomo achimwene chifukwa cha funso lanu. Mwafunsa kuti pakati pa Richard Branson, Jeff Bezos ndi Elon Musk, anayamba ndani kutumiza munthu m'mlengalenga popanda thandizo la boma, ndipo ndaona kuti ambiri amene ayankha kale akutchula Branson chifukwa anauluka pa 11 Julayi 2021, kutatsala masiku 9 kuti Bezos auluke. Mundilole ndiyankhe motalikirapo, popeza m'funso lanuli muli mipikisano iwiri yosiyana, ndipo woyambawo unatha kale mu 2004, nthawi imene pa atatuwa panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ataulutsapo munthu.

Nkhaniyi inayamba mu 1996, pamene Peter Diamandis analengeza mumzinda wa St. Louis ku America kuti apereka mphoto ya madola 10 miliyoni, imene anaitcha X Prize. Nzeruyi anaitengera ku mphoto ya Orteig ya madola 25,000, yomwe Charles Lindbergh anapata mu 1927 atauluka yekha pa ndege kuchokera ku New York kukafika ku Paris osatera paliponse. Malamulo a mpikisanowu anali ochepa koma ovuta. Gulu lofuna mphotoyo linayenera kupanga chombo ndi ndalama zosachokera ku boma, chotha kunyamula anthu atatu, n'kuchikweza kufika makilomita 100 kuchokera pansi, n'kubwerera bwinobwino, kenako n'kubwereza ulendowo ndi chombo chomwecho milungu iwiri isanathe. Lamulo lomalizali ndi limene linali phata la nkhani yonse, chifukwa chimene chinkakweza mtengo wa maulendo a m'mlengalenga chinali chakuti maroketi ambiri ankagwira ntchito kamodzi kokha n'kutayidwa. Diamandis analengeza mphotoyo ndalama zake asanazipeze, ndipo pambuyo pake anathandizidwa ndi banja la Ansari, lochokera ku Iran, komanso anagula inshuwalansi imene inkayenera kulipira ngati wopambana atapezeka chaka cha 2004 chisanathe. Magulu 26 ochokera m'mayiko 7 analembetsa, koma ambiri sanafike n'komwe poyesa kuulutsa munthu.

Amene anapambana anali kampani yaing'ono yotchedwa Scaled Composites, ya m'chipululu cha Mojave ku California, yotsogoleredwa ndi katswiri wopanga ndege Burt Rutan. Uyu ndi yemwe uja anapanga ndege ya Voyager imene inazungulira dziko lonse mu 1986 osathiranso mafuta panjira. Ndalama zinachokera m'thumba mwa Paul Allen, amene anayambitsa Microsoft pamodzi ndi Bill Gates, ndipo anawononga madola pafupifupi 25 miliyoni pofuna mphoto ya madola 10 miliyoni. Chombo chawo, SpaceShipOne, sichinkanyamuka pansi monga zimachitira roketi. Ndege ina yotchedwa White Knight inkachinyamula kumimba kwake mpaka pa makilomita pafupifupi 14, n'kuchisiya, ndiyeno woyendetsa ankayatsa injini yoyaka ndi labala ndi mpweya wa nitrous oxide, n'kuloza kumwamba. Luso lalikulu la Rutan linali pa kabwereredwe. Chombo chikafika pamwamba, mbali ya kumbuyo ya mapiko ake inkapindikira m'mwamba, moti chinkatsika chitadziwongola chokha komanso mpweya ukuchichepetsa liwiro, popanda woyendetsa kulimbana nacho kwambiri.

Pa 21 Juni 2004, Mike Melvill, bambo wa zaka 63 wobadwira ku Johannesburg, anakweza chombochi n'kudutsa makilomita 100 ndi mamita 124 okha. Ameneyu ndiye munthu woyamba kufika m'mlengalenga pa chombo chopangidwa ndi kuulutsidwa popanda ndalama za boma, ndipo ngati mukufuna dzina limodzi loyankhira funso lanu, dzinalo ndi limeneli. Maulendo awiri a mphoto anachitika pambuyo pake. Pa 29 Sepitembala Melvill anaulukanso, ndipo chombo chinayamba kupiringizika chikukwera, moti chinazungulira ka 29 asanachiwongole. Pa 4 Okutobala, tsiku limene dziko la Soviet Union linaulutsa Sputnik, setilaiti yoyamba kuzungulira dziko, mu 1957, Brian Binnie anafika makilomita 112 ndipo mphoto inatengedwa. Pa maulendo awiri a mphotowa munkakhala woyendetsa yekha, ndipo m'malo mwa anthu awiri enawo ankaikamo katundu wolemera mofanana nawo. Chombocho sichinaulukenso, lero chili m'nyumba yosungiramo zakale ya National Air and Space Museum ku Washington.

Mwina wina anganene kuti Dennis Tito anali atapita kale mu Epulo 2001, ndipo Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatsatira mu Epulo 2002. Izi n'zoona, ndipo onse awiri analipira okha ndalama zimene zinkanenedwa kuti ndi madola pafupifupi 20 miliyoni aliyense, n'kukakhala masiku angapo pa International Space Station, chombo chachikulu chozungulira dziko chimene akatswiri amakhalamo pochita kafukufuku. Komabe anakwera chombo cha Soyuz cha boma la Russia, choyendetsedwa ndi akatswiri a boma. Iwo anagula mpando, sanapange chombo, choncho ulendo wawo sitingauike pa mpikisano umene mwafunsawu.

Branson analowa m'nkhaniyi mu Sepitembala 2004, pamene anagwirizana ndi eni SpaceShipOne kuti agwiritse ntchito luso lawo, n'kulengeza kampani ya Virgin Galactic. Anthu mazanamazana anasungitsa malo pa mtengo wa madola 200,000 poyembekezera kuuluka m'zaka zochepa, koma anadikira zaka pafupifupi 20. Pano m'pamene ndimaona kuti anthu ambiri amaiwala mtengo weniweni wa mpikisanowu. Mu Julayi 2007, anthu atatu ogwira ntchito ku Scaled Composites anafa pa kuphulika kumene kunachitika poyesa zipangizo za injini ku Mojave. Pa 31 Okutobala 2014, chombo cha SpaceShipTwo chinaphwasuka chili m'mwamba, wothandiza woyendetsa Michael Alsbury n'kufa, pamene woyendetsa Peter Siebold anapulumuka ndi parachuti atavulala. Ofufuza ngoziyo anapeza kuti Alsbury anamasula msanga loko wa mapiko opindika aja, komanso anadzudzula opanga chombocho chifukwa chosaganizira kuti kulakwitsa kumodzi kwa munthu kungathe kuwononga zonse. Mfundo yachiwiriyi ndi imene ine ndimaiona yolemera kwambiri, chifukwa munthu aliyense amalakwitsa, ndipo chombo chonyamula anthu chiyenera kupangidwa ndi anthu odziwa zimenezo.

Tikafika pa Julayi 2021, Branson anakwera makilomita pafupifupi 86 pamene Bezos, pa roketi ya New Shepard ya kampani yake ya Blue Origin, anafika makilomita pafupifupi 107. Panabuka mkangano wakuti mlengalenga umayambira pati, popeza ku America amawerengera kuyambira mamailosi 50, omwe ndi makilomita 80, pamene bungwe la padziko lonse losunga mbiri ya zouluka limawerengera kuyambira makilomita 100. Mkanganowu ndi waung'ono poyerekeza ndi mfundo yakuti onse awiri anachita zofanana ndi zimene Melvill anachita zaka 17 m'mbuyomo: anakwera, anamva thupi kupepuka kwa mphindi zitatu kapena zinayi, n'kutsika.

Apa m'pamene pali kusiyana kumene ndikufuna kuti mukumvetse bwino, achimwene. Makilomita 100 si mtunda wautali, ndi pafupifupi ulendo wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima, kungoti wolunjika kumwamba. Chovuta si kukwera ayi, koma kukhala kumeneko osagwa. Kuti chombo chizizungulira dziko, chiyenera kuthamanga cham'mbali pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, moti pamene mphamvu yokoka ya dziko ikuchigwetsa, dziko nalo limakhala likupendekera kutali pansi pake chifukwa ndi lobulungira, ndiye sichifika pansi. SpaceShipOne inkathamanga makilomita pafupifupi 3,500 pa ola. Liwiro lofunika ndi lochuluka ka 8, koma mphamvu yofunika kuti liwirolo lipezeke imachuluka koposa ka 60, chifukwa liwiro likawirikiza kawiri mphamvu imawirikiza kanayi. Mphamvu yonseyo iyeneranso kuchotsedwa pobwerera, ndipo imasanduka kutentha koopsa chombo chikamalowa mumpweya wa dziko. N'chifukwa chake ndikuti mipikisano ndi iwiri, ndipo wopambana woyambawo anali asanayandikire n'komwe wachiwiri.

Mpikisano wachiwiriwu anapambana ndi SpaceX, kampani imene Musk, wobadwira ku Pretoria, anayambitsa mu 2002. Roketi yawo yoyamba, Falcon 1, inalephera katatu motsatizana ndipo ndalama zinali zitatsala pang'ono kutha pamene ulendo wachinayi unatheka pa 28 Sepitembala 2008. Miyezi itatu pambuyo pake, bungwe la boma la America loona za m'mlengalenga, NASA, linapatsa kampaniyi ntchito ya madola 1.6 biliyoni yonyamula katundu kupita ku International Space Station. Zombo za boma zotchedwa Space Shuttle zitasiya kuuluka mu 2011, dziko la America linalibenso njira yakeyake yotumizira anthu, moti linkagula mipando pa Soyuz pa mtengo umene unakwera mpaka kupitirira madola 80 miliyoni mpando umodzi. Choncho mu 2014 NASA inapereka madola 4.2 biliyoni kwa Boeing ndi madola 2.6 biliyoni kwa SpaceX kuti aliyense apange chombo chonyamula anthu. Pa 30 Meyi 2020, chombo cha SpaceX chotchedwa Crew Dragon chinanyamula Bob Behnken ndi Doug Hurley, ndipo aka kanali koyamba kuti chombo cha kampani chifikitse anthu pozungulira dziko. Boeing, imene inalandira ndalama zambiri, inaulutsa anthu koyamba mu Juni 2024, ndipo chombo chake cha Starliner chinakumana ndi mavuto moti anthu awiri amene chinanyamula, Butch Wilmore ndi Suni Williams, anabwerera pa chombo cha SpaceX mu Malichi 2025.

Mukaona ziwerengero zimenezi, mawu akuti popanda thandizo la boma sakugwiranso bwino. Anthu oyamba kukwera Crew Dragon anali antchito a boma, amene analipira anali boma, ndipo roketi inanyamukira pamalo a NASA ku Kennedy Space Center, pomwe chombo cha Apollo 11, chimene chinapititsa anthu oyamba kuponda pamwezi, chinanyamukira mu 1969. Ngakhale bwalo limene Branson ananyamukira ku New Mexico linamangidwa ndi misonkho ya anthu a m'chigawocho, madola oposa 200 miliyoni. Sindikunena izi pofuna kuchepetsa ntchito ya akatswiri a makampaniwa, chifukwa kutsitsa roketi ya SpaceX yotchedwa Falcon 9 n'kuimika chilili mu Disembala 2015, kenako n'kumaigwiritsanso ntchito, ndi chinthu chimene mabungwe a boma anali asanachitepo pa roketi zotere. Chimene chinasintha ndi kagulidwe. Kale boma linkalipira zonse zimene kampani yawononga n'kuwonjezerapo phindu, ndipo chombo chinkakhala cha boma. Pa dongosolo latsopanoli mtengo umagwirizanidwa pachiyambi, kampani ikapitirira imadzilipirira yokha, koma chombo chimakhala chake ndipo ingathe kugulitsa mipando kwa wina aliyense.

Ufulu wogulitsa mipandowu ndi umene unabala ulendo wa Inspiration4 mu Sepitembala 2021, umene ine ndimauona kuti ndiwo yankho loyandikira kwambiri pa mpikisano wachiwiri. Jared Isaacman, mwini bizinesi wa ku America, analipira ulendo wonse, ndipo anthu anayi, opanda ndi mmodzi yemwe wotumidwa ndi boma, anazungulira dziko masiku atatu pamtunda woposa makilomita 500. Mmodzi mwa iwo anali Hayley Arceneaux, wogwira ntchito za chipatala amene anachira khansa ali mwana. Isaacman yemweyo anabwereranso mu Sepitembala 2024 pa ulendo wa Polaris Dawn, pomwe iye ndi Sarah Gillis anatulukira kunja kwa chombo. Koma chombo chimene anakwera sichikanakhalapo pakanapanda ntchito ya NASA ija ya 2014.

Pali chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa, chomwe sichikambidwa kawirikawiri. Lamulo limene dziko la America linakhazikitsa mu 2004 linaletsa kwa kanthawi bungwe loona za ndege, FAA, kuika malamulo okhwima oteteza okwera zombozi, ponena kuti makampani apatsidwe nthawi yophunzira, ndipo nthawiyo yakhala ikuwonjezeredwa. Wokwera amauzidwa za kuopsa kwa ulendo n'kusaina kuti wavomera, ndipo boma silitsimikizira kuti chombocho n'chotetezeka monga limachitira ndi ndege zonyamula anthu. Pamene okwera ali ochepa komanso olemera, anthu ambiri sazilabadira, koma ngati mitengo idzatsike monga makampani akulonjezera, lamuloli lidzafunika kuliunikanso ngozi ina isanachitike.

Za mitengo, kutsikako sikunafike kwa munthu wamba. Mpando wa pa Virgin Galactic unakwera kufika madola 450,000, ndipo kampaniyo, itayamba maulendo a malonda mu Juni 2023, inawaimitsa mu Juni 2024 kuti ipange zombo zatsopano. Mipando ya ulendo wa kampani ya Axiom Space wopita ku International Space Station mu Epulo 2022 inkanenedwa kuti inali madola pafupifupi 55 miliyoni umodzi. Phindu limene latifika ife labwera kudzera njira ina. Roketi ya Falcon 9 imene imanyamula anthu ndi yomweyo imene imakweza masetilaiti a Starlink, omwe anayamba kupereka intaneti ku Malawi ndi ku Zambia mu 2023, ndipo ndalama zimene ogwiritsa ntchito amalipira mwezi ndi mwezi zimapita ku kampani yomweyo ya SpaceX.