Mamegawati akakwera, ndiye kuti makina akonzedwa bwino?

Bambo wina wa ku Area 25 wandilembera imelo yofunsa za Nkula A, malo opangira magetsi pa mtsinje wa Shire, kuti: "Atakonza Nkula A, akuti idachoka pa mamegawati 24 kufika pa 36. Umenewu si umboni wokwanira kuti makina atsopanowa akuposa a mu 1966 aja?"

Zikomo bambo, koma umboniwo pawokha ngoperewera. Wa chigayo akadzitama kuti lero ufa watuluka wambiri, inu mumayamba mwamufunsa kuti wathira zidebe zingati za chimanga. Ku Shire nakonso nkhani ndi yomweyo. Magetsi amadalira kutalika kwa pomwe madzi akugwera, kuchuluka kwa madzi odutsa pa sekondi iliyonse, ndi momwe makinawo akuwagwiritsira ntchito. Makina akulu angathe kutulutsa magetsi ambiri chifukwa chongomeza madzi ambiri.

Kuyeza magetsi ndi kutalika sikuvuta kwenikweni. Chovuta ndi madziwo, chifukwa mu chipaipi chachikulu amathamanga pakati koma m'mbali amachedwa. Ndondomeko ya IEC 60041, yomwe maiko amatsata poyesa makina opangira magetsi ndi madzi, imalola njira zingapo zoyezera madziwo. Ina ndi ya Gibson: amatseka madzi mofulumira n'kuwerenga momwe mphamvu yokankha khoma la paipi yakwerera. Ina amatumiza timawu todutsa m'madzi, tina kutsata mtsinje, tina kubwerera, ndipo kusiyana kwa nthawi kumaulula liwiro. Iliponso yoyeza kutentha kwa madzi, koma imafuna madzi ogwa kuchokera pa mamita oposa 100.

Yotsika mtengo ndi ya Winter-Kennedy, yoyerekeza mphamvu ya madzi pa malo awiri m'chikombole chozungulira gudumu la makina, koma apa mpamene ambiri amapusitsika. Imangoonetsa ngati madzi achuluka kapena achepa poyerekeza ndi kale, osati kuchuluka kwake kwenikweni. Mukasintha gudumu la makina, madzi amayenda mosiyana m'chikombole, ndiye mawerengedwe akale aja sangadaliridwenso.

Tiyerekeze kontilakitala walonjeza kuti makina aziposa akale ndi 2 peresenti, pomwe choyezera chanu chimaphonya ndi 2 peresenti yomweyo. Mwatsimikiza chiyani? Palibe. Onjezani matope ndi namasupuni zomwe Shire amabweretsa nthawi ya dzinja, zotseka zisefa pakhomo pa madzi, ndiye kuyezako kumavutiratu.

Ndiye ndikanakhala inu bambo, ndikanafunsa a EGENCO zinthu ziwiri: adayeza madzi asanachotse makina akale? Nanga atamaliza, adayezanso ndi njira yomweyo, pamalo pomwepo?