Geni ya mababu a nyali za galimoto

Achimwene, mwafunsa kuti geni yooda mababu a nyali za galimoto kunja imayenda bwanji, ndiponso kuti oyenera mungawadziwe bwanji. Ambiri amaopa boda, koma ine amene ndawaona akumiza mpamba ndi aja anabwera ndi katundu wosalowa m'galimoto za makasitomala awo.

Babu aliyense ali ndi nambala yake, imalembedwa pachitsulo cha kumunsi. H4 ali ndi timano titatu, mkati muli tiwaya tiwiri, ka dimu ndi ka fulu, mphamvu yake 60/55W. H7 ali ndi timano tiwiri ndi kawaya kamodzi, 55W. Palinso H1, H11, HB3 amene ena amati 9005, ndi HB4 yemwe ndi 9006. Amenewa sasinthana, olo mukakamize bwanji. Ndiye musanakwere basi, zungulirani kwa amakaniko a zamagetsi, muwapemphe mababu akupsa amene amataya. Ine ndinkawatolera m'kachitini, madzulo n'kuwathira patebulo kuwerenga manambala. Nambala imene yachuluka ndi imene mukaode yambiri.

Muyang'anenso mavoti. Galimoto zing'onozing'ono ndi 12V, malole akuluakulu ndi 24V, chonsecho babuyo maonekedwe ndi amodzi. Ulendo wanga wachiwiri ndinanyamula katoni yathunthu ya 24V osawerenga, ndipo titayesa m'galimoto yaing'ono ankangofiira ngati kandulo. Zinandipweteka mtima, katoniyo inakhala miyezi.

Makasitomala adzakuvutitsani kuti akufuna owala kwambiri. Ine a 100W sinditenga, chifukwa amatentha mpaka pulagi kusungunuka, ndipo munthuyo akabwerera olakwa mumakhala inu. Ma LED nawo akuyenda malonda, koma mukawaika m'nyali imene inapangidwira halogen, mababu wamba a kawaya aja, kawirikawiri kuwala kumamwazika, kumathobwa m'maso anzanu akutsogolo, msewu weniweniwo osauona bwino. Mayiko ena salolanso zimenezi. A xenon, mababu a gasi opanda kawaya monga D2S ndi D2R, amayendera kabokosi kawo kotchedwa ballast, musayambire amenewo.

Feki ndiye wachuluka, makamaka pa mayina odziwika ngati Osram ndi Philips. Babu wovomerezeka amakhala ndi chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo, ngati E1, koma akuba amakoperanso chimenecho. Tsegulani mabokosi angapo, muone ngati kawaya kali kowongoka ndiponso ngati chitsulo chinamatidwa mwaudongo. Wogulitsa wokana kuti muyese pa batire, kapena wokana kulemba invoisi, musiyeni.

Invoisiyo ndi imene mukaonetse pa boda. Nenani zonse zimene mwanyamula, lipirani msonkho, lisiti musunge. Poika mtengo muwerengere msonkho, thiransipoti ndi ofa m'njira, poti kawaya kaja kamaduka ndi kugwedezeka. Katoni yanga siipita pansi pa katundu wolemera, ndimaikuta ndi zofunda n'kukhala nayo pafupi.

Pogulitsa, galasi la halogen musaligwire ndi zala, mafuta a m'manja amapsereza babu msanga. Gwirani kuchitsulo, kasitomalanso mumuuze zomwezo. Akabwera ndi mmodzi wakupsa, mulangizeni asinthe onse awiri, chifukwa anayamba ntchito tsiku limodzi ndipo winayo sachedwa kutsatira.