Golide wa pa zikalata zija ndi weniweni

Achimwene, mwafunsa ngati golide wonyezimira pa zikalata za zishango (zizindikiro zojambula) za mabanja ku Britain ndi penti chabe. Ayi ndithu, ndi golide weniweni, wosulidwa mpaka kupyapyala kuposa pepala.

Ku London kuli College of Arms, bungwe lomwe mfumu Richard III inakhazikitsa mu 1484. Munthu akapatsidwa chizindikiro cha banja lake, akuluakulu a kumeneko amalongosola m'mawu mitundu ndi nyama zoti zikhalepo, ndiye wojambula amazisandutsa chithunzi pa chikopa cha thole chopalidwa bwino, osati papepala. Malemba ake amalembedwanso pamanja.

Golideyo ndiye amavuta. Poyamba wojambula amapaka phala lotchedwa gesso, losakaniza pulasitala, guluu ndi shuga pang'ono, n'kulisiya liume litatukuka ngati kachulu. Likauma amaliuzira mpweya wa m'kamwa kuti chinyezi chidzutse kumata kwake, n'kusanjikapo golide msangamsanga. Akachedwa pang'ono, golide sagwira. Pomaliza amapukuta ndi mwala wosalala wa agate mpaka uwale ngati galasi. Tsiku lachinyezi kwambiri kapena louma kwambiri ntchito imatha kukanika, nchifukwa chake ambiri amayang'ana nyengo kaye.

Luso limeneli linatsala pang'ono kufa makina osindikizira atafala. Edward Johnston, katswiri wa malemba a pamanja wa ku Britain, ndi buku lake la 1906, komanso wophunzira wake Graily Hewitt, ndi amene analitsitsimutsa. Ine ndikaona chishango cha Malawi chija, cha mkango, kambuku ndi nkhwazi, ndimakumbukira kuti nachonso chinachokera ku mwambo womwewu mu 1964.