Jambulani musanamasule bawuti ngakhale imodzi

Achimwene a ku Luchenza, mwati mukufuna kusintha nokha ma brake shoes a kumbuyo pa Sienta yanu, tizitsulo tokhota tija timakhuza mkati mwa dilamu kuti galimoto iime, ndipo mnzanu wakuuzani kuti muzijambula chilichonse pa foni. Ndiye mukufunsa ngati kumeneko si kutaya nthawi, poti manja amakhala ali girisi yekhayekha. Mnzanuyo amakukondani. Ine ndikuyankha ngati munthu amene ndinapsa kale.

Chaka chatha ndinamasula mabuleki a kumbuyo a Probox yanga pakhomo pano ku Chitakale. Ndinkadzidalira, poti a kutsogolo ndimasintha ndekha ndipo savuta. Koma kumbuyo ndi dilamu. Mukangoichotsa mumapezamo ma shoes awiri, masipuling'i osiyana utali, timapini togwira ma shoes, adjuster wa timano wosendezera ma shoes kufupi ndi dilamu, ndi kachitsulo komwe kamakokedwa ndi kebulo ya handbrake. Ndinayang'ana n'kunena kuti aa, izi nanga ndingaiwale? Ndinamasula mbali zonse ziwiri, zonse n'kuthira m'beseni limodzi. Posakhalitsa chiperoni chinatsika kuphiri, kamvula kaja kosakata, ine m'nyumba. Potuluka m'mawa mwake, m'beseni muja munali zitsulo zachilendo. Sipuling'i yaitali ikhale pamwamba kapena pansi? Kambedza kake kakole kutsogolo kwa shoe kapena kuseri? Galimoto inagona pazipika masiku atatu, nkhuku zikubisala pansi pake, mpaka ndinakatenga makanika pa kabaza. Ndalama imene ndinkati ndipulumutsa inapita yonse, ya kabaza pamwamba.

Ndiye chithunzi chofunika kuposa zonse ndi choyamba, dilamu itangochoka, musanakhudze kanthu. Pukutani kaye fumbi ndi kansanza konyowa, osauzira ndi pakamwa chifukwa fumbi la mabuleki si labwino m'chifuwa. Jambulani chimodzi muli chapatali kuti zidziwike kuti ndi mbali iti ya galimoto, china molunjika zonse zioneke, kenako fikani pafupi pamalo aliwonse pomwe sipuling'i yakola. Apa musaumire. Ine ndimajambulanso ndikachotsa chinthu chimodzi chilichonse, ndipo pomanga ndimangoyambira chithunzi chomaliza kubwerera m'mbuyo.

Ngakhale muli ndi zithunzi, masulani mbali imodzi yokha, inayo ikhale mboni. Kungoti kumanzere ndi kumanja n'kotembenuzana ngati mmene mumadzionera pagalasi, ndiye musakopere mwachimbulimbuli. Lembani L kapena R ndi choko pachitsulo cha kuseriko kuti chilembocho chizioneka m'chithunzi, apo ayi madzulo zithunzi zonse zimafanana. Ma adjuster nawo musasakanize, pa magalimoto ambiri mazinga a wa kumanzere ndi a wa kumanja amazungulira mosiyana.

Za girisi mwanenazo n'zoona, foni yanga yoyamba inatha choncho. Masiku ano wojambula ndi mwana wanga wa Fomu 2, malipiro ake ndi mandasi. Flash musayatse, imangothwanima pachitsulo osaona kanthu. Gwirani ntchito m'mawa pamthunzi, pakada wina aunikire ndi tochi chapambali, ndipo dinani pa sikirini pomwe mukufuna pawoneke bwino musanajambule. Mabawuti ndimabaya pakatoni motsatana mmene ndawachotsera, katoniyo n'kuijambulanso, chifukwa pakhomo pali mbuzi.

Palinso chithunzi china chomwe anthu amaiwala, cha kapuleti kokhala ndi chassis number. Sienta zakale zija, zomwe zinapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, zili ndi injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, koma ilipo NCP81 yokoka ndi matayala a kutsogolo okha, iliponso NCP85 ya 4WD yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo si sipeya iliyonse yomwe imalowana. Mukapita ku Limbe n'kungoti ndikufuna za Sienta, wogulitsa akutsimikizirani kuti ndi zomwezo, inu mudzazindikira muli ku Luchenza, thiransipoti itapita kale. Muonetseni nambalayo, muonetsenso chithunzi cha shoe yakale ili pambali pa tepi yoyezera. Ngati mungathe, nyamulani shoe yeniyeniyo m'jumbo.

Zikakuvutani pakati pa ntchito n'kufuna kuti ena akuthandizeni, chonde musatumize chithunzi chimodzi chamdima n'kulemba kuti chavuta n'chiyani apa. Nenani mtundu wa galimoto, mbali yake, ndi zomwe mwachita kale, ndipo zungulizani mzere pamalo pomwe pakukuzunguzanipo. Pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa mukatumiza wamba chithunzi chimafinyidwa, timbedza tija osaonekanso. Nambala puleti ya galimoto bisani. Ndipo jambulani wheel cylinder, kachitsulo kali pamwamba pakati pa ma shoes kaja. Ngati m'mphepete mwa timalabala take mwanyowa, ndiye kuti brake fluid akudontha, ndipo ma shoes atsopanowo anyowa nawo sabata isanathe.

Zinazi chithunzi sichingakuuzeni. Kuti dilamu ichoke handbrake iyenera kukhala yomasula, choncho imikani galimoto pamalo athyathyathya, matayala a kutsogolo muwatchinge ndi miyala, ndipo musadalire jeke yokha, ikani chipika cholimba pansi. Dilamu ikakakamira musaimenye ndi hamala ngati mukuswa miyala. Madilamu ambiri a Toyota ali ndi timabowo tiwiri ta mazinga, mumalowetsamo mabawuti a M8, a mamilimita 8 kunenepa, n'kumamanga mosinthanasinthana, iyo imatuluka yokha. Mukamaliza pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, mangani handbrake muone ngati ikugwira, kenako yeserani pang'onopang'ono pamalo osatsetsereka musanaganize za mitsetse ya ku Thyolo.

Wojambula wanuyo mumuuziretu kuti dilamu ikakhala panja asalowe m'galimoto. Wanga anakhala pampando wa dalaivala kuti aone bwino zithunzi zake, phazi n'kupeza buleki, pisitoni ya wheel cylinder n'kufwamphuka, brake fluid mbwee pansi. Tsiku limenelo mandasi sanadye.