Mafunso Anu: Kodi ku Britain ndingadutse m'munda wa mwini?

FUNSO: Ndinasamukira ku Leeds chaka chatha. Loweruka ndimaona anthu akudutsa m'minda ya alimi, ena akupalasa timabwato. Kodi zimaloledwa, kapena ndipalamula ndikatenga ana? (Mayi wa ana awiri, Leeds)

YANKHO: Mayi, zimaloledwa, koma osati paliponse.

Ku England ndi Wales muli ndi ufulu woyenda m'njira zovomerezeka, ngakhale njirayo itadula pakati pa munda wa tirigu. Yang'anani kamuvi kokhomedwa pachipata: kachikasu ndi ka oyenda pansi okha, kabuluu kamalolanso njinga ndi akavalo. Mukapatuka panjirapo ndiye kuti mwalowa malo a mwini. Lamulo la mu 2000 linatsegula mapiri ndi matchire ena oti muyendemo momasuka, ndipo mapu a Ordnance Survey, bungwe lojambula mapu ku Britain, amawaonetsa ndi mtundu wachikasu. Kumeneko galu azikhala pachingwe chosaposa mamita 2 kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Julayi, poti mbalame zimakhala zikuikira mazira pansi.

Choopsa kwenikweni si mlimi ayi, ndi ng'ombe yoyamwitsa. Musadutse pakati pa iyo ndi mwana wake. Ilambalaleni patali, ana anu ali pafupi nanu. Ikakuthamangitsani, tayani chingwe cha galu, chifukwa imene ikufuna ndi galuyo ndipo iye ali ndi liwiro kuposa inu. Chipata chisiyeni momwe mwachipezera. Chotsegula nthawi zina ndi dala, kuti ziweto zikamwe madzi.

Pamadzi ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mitsinje yambiri ya ku England ili ndi eni ake, ndipo yomwe aliyense angapalasemo popanda mkangano ndi yochepa. Pangalande ya Leeds and Liverpool, ngakhale kabwato kopopa kamafuna laisensi ya Canal & River Trust, bungwe loyang'anira ngalandezi. Woponya mbedza wa zaka 13 kupita m'tsogolo afunika laisensi ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, kuphatikizapo chilolezo cha mwini madziwo.

Ku Scotland zinthu n'zomasuka. Lamulo la mu 2003 limalola kuyenda, kusambira ndi kupalasa bwato pafupifupi paliponse, ngakhale kugona m'tenti usiku uwiri kapena utatu pamalo amodzi, bola mupewe pakhomo pa anthu ndi minda yomwe muli mbewu. M'mbali zina za nyanja ya Loch Lomond, tenti imafuna chilolezo kuyambira Malichi mpaka Seputembala.