Mencius ndi mlamu amene akumira m'madzi

Achimwene, mwafunsa kuti ngati anzeru akale a ku China ankati munthu aziona kaye mmene zinthu zilili asanatsate lamulo, kodi kumeneko si kukhala wopanda mfundo, wongothamangira komwe kuli phindu? Ine ndikuti ayi, ndipo Mencius mwiniwake, mmodzi mwa anzeruwo, anapanikizidwapo ndi funso lomweli.

Mencius anakhalako cha m'ma 372 mpaka 289 BC, nthawi imene mafumu a zigawo za China ankangokhalira kuthirana nkhondo. Chunyu Kun, katswiri wa mtsutso wa m'chigawo cha Qi, anamufunsa ngati ndi zoona kuti mwambo suloleza mwamuna ndi mkazi kukhudzana manja popatsana chinthu. Mencius anavomera. Nanga mkazi wa mkulu wako akamamira, umugwira dzanja? Apa musaganize za mlamu wa kwathu kuno amene timaseleulana naye, ganizani za apongozi amene timawapatukira panjira. Mencius anati woonerera mlamu wake akumira ndi mmbulu. Kusagwirana manja ndi mwambo, koma kumuvuula ndiko kuyeza chimene chalemera kuposa chinzake.

Ambiri amalekezera pomwepo, pamene nkhani inapitirira. Chunyu Kun anati: dziko lonse likumira, bwanji inu simukulivuula? Ankatanthauza kuti Mencius afewetseko mfundo zake n'kuyamba kutumikira mafumu. Iye anakana. Anati mlamu amavuulidwa ndi dzanja, dziko limavuulidwa ndi njira yolungama. Wophunzira wake Chen Dai anayesanso kumunyengerera kuti apindike pang'ono kuti awongole zambiri, Mencius n'kumuuza kuti palibe munthu wodzipinda yekha amene anawongolapo anzake. Mwaonatu: munthu yemweyo anapatuka pa mwambo kuti moyo wa wina upulumuke, koma anakana kupatuka kuti apeze mpando.

Nanga ankakhulupirira bwanji kuti munthu angayeze molondola? Apa m'pamene pakubwera nkhani ya chibadwa. Mencius ankati aliyense akaona mwadzidzidzi mwana akufuna kugwera m'chitsime, mtima umamudumpha ndipo amamva chisoni, osati pofuna kukondedwa ndi makolo a mwanayo kapena kutamandidwa m'mudzi. Chisoni chimenecho, manyazi, kulemekeza ena, ndi kuzindikira chabwino ndi choipa ankazitenga ngati mphukira zinayi zobadwa nazo. Mphukira si mtengo, imafuna kusamalidwa. Anapereka chitsanzo cha phiri la Niu, pafupi ndi likulu la Qi: nkhwangwa zinatha mitengo, ziweto zinadya zophukira, mpaka anthu anayamba kuganiza kuti phirilo silinamerepo kanthu.

Xunzi, amene anabadwa cha m'ma 310 BC, anatsutsa zimenezi poyera. Kwa iye munthu amabadwa wokonda phindu komanso wansanje, ndipo ukamusiya choncho pamabuka mikangano. Ubwino ndi wochita kuumba, monga mmene thabwa lokhota amalifewetsera ndi nthunzi n'kulipanikiza kuti liwongoke. Aphunzitsi ndi miyambo ndiye zida zake. Komabe ngakhale iye ankati munthu wamba wa mumsewu angathe kufika pa nzeru za Yu, mfumu yakale yotamandika.

Pa mlamu womira ndili kumbali ya Mencius ndi mtima wonse. Koma Xunzi amandichenjeza pa chinthu chimene ndimachiopa kwambiri: munthu wosaphunzitsidwa khalidwe savutika kudzinamiza kuti chilakolako chake ndi "vuto lapadera" loyenera kuthyolera lamulo.

Ngati mukufuna amene nkhawa yanu ikumukhudzadi, ndi Han Fei, wophunzira wa Xunzi. Iye ananena za mlimi wa ku Song amene anaona kalulu atadziwombetsa pachitsa n'kufa, ndiye anasiya kulima n'kumadikira wina pachitsa pomwepo. Ankati kulamulira anthu a lero ndi njira za mafumu akale n'chimodzimodzi. Kusinthako kunalipo, koma anachotsamo mtima wa munthu n'kusiyamo mphotho ndi chilango. Mnzake wa kusukulu, Li Si, anakhala nduna yaikulu ya Qin, ufumu umene unagwirizanitsa China mu 221 BC, ndipo ndi iye amene mu 213 BC analangiza mfumu kuti mabuku ambiri akale awotchedwe.