Dokotala wa mano sanalakwe kufunsa za mowa

Achemwali, mwati amuna anu anapita kukazulitsa dzino, dokotala wa mano n'kuona kabanga koyera m'mbali mwa lilime, n'kuyamba kuwafunsa kuti amamwa mowa wochuluka bwanji. Bambowo abwerako atakwiya, akuti iwo anapitira dzino osati ulaliki, ndipo kumeneko sapondako phazi. Mukufunsa ngati dokotalayo sanalowerere za eni. Ayi, imeneyo ndi ntchito yake, ndipo ulendo wobwerera kukaonetsa kabangako ndi wofunika kuposa dzino linazulidwalo.

Kabanga koyera kosachoka ngakhale mutakapukuta madokotala amati leukoplakia. Si khansa, ndipo timabanga tambiri totere sitifika pokhala khansa, koma tina timasanduka, makamaka ta m'mbali mwa lilime ndi pansi pake. Tofiira, tomwe amati erythroplakia, ndi toopsa koposa. Choipa chake n'chakuti nthawi zambiri sikapweteka. Munthu amadya nsima yake bwinobwino, nanga adzaona bwanji pansi pa lilime lake? Woyamba kukaona amakhala amene wakuyasamulitsani n'kuunikamo ndi nyale.

Za mowazo si zongopeka. Bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO (bungwe loona za umoyo padziko lonse), linaika mowa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988. Mowa ukakhala m'kamwa, tizilombo ta m'malovu timausandutsa acetaldehyde, mankhwala owononga maselo. Umafewetsanso khungu la m'kamwa moti poizoni wa fodya amalowa mosavuta, n'chifukwa chake womwa n'kumasutanso amakhala pangozi yaikulu kuposa wochita chimodzi chokha. Ndiye pali mawu aja timamva ku Mbare ndi ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, akuti Chibuku ndi chakudya, mowa weniweni ndi kachasu. Lilime silisankha. Kaya ndi Chibuku, kaya Castle, kaya tizibotolo totchipa tija anyamata amabisa m'thumba, chimene chikuwerengedwa ndi kuchuluka kwa mowa wadutsa pamenepo ndi zaka zake.

Mafunso anawakwiyitsawo si achipongwe. Ambiri amachokera pa ndondomeko ya WHO yotchedwa AUDIT, ya mafunso 10, ndipo yachidule yake ili ndi atatu okha: mumamwa kangati, tsiku lomwalo mumamwa mingati, ndiponso ndi kangati mumafika isanu ndi umodzi kapena kuposa nthawi imodzi. Vuto lathu ndi kuchepetsa poyankha. Munthu woti Lachisanu amachoka ku bala atatseka, kwa dokotala amati "ndimangolawa awiri". Akatero dokotala amapereka malangizo a munthu wina, osati ake. Akanena zoona, amagwirizana pomwe angayambire: masiku angati pa sabata opanda mowa, mabotolo angati basi akakhala pansi, atani pa tsiku la malipiro kapena pa maliro pomwe chigubu chimangozungulira. Akabweranso amaona limodzi ngati zatheka, n'kuunikanso kabangako.

Chenjezo limodzi lokha. Ngati bambo amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, m'mawa manja n'kumanjenjemera mpaka atalawako, asasiye lero ndi lero paokha. Kusiya mwadzidzidzi kwa munthu wotere kumatha kumugwetsa ngati wakhunyu kapena kumusokoneza mutu. Zimenezo zimafunika kuchipatala, ndipo dokotala wa mano angawalembere kalata.

Musaganizenso kuti akachepetsa mowa ndiye nkhani yatha. Kabangako kafunika kupimidwa. Kawirikawiri amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudula kanyama kakang'ono n'kutumiza kokayeza, ndipo zipatala zazikulu ngati Parirenyatwa ku Harare zili ndi akatswiri a m'kamwa ndi nsagwada. Ngati pali chilonda chosapola milungu iwiri kapena itatu, chotupa m'khosi, kapena kabangako kayamba kulimba ndi kutuluka magazi, musadikire tsiku lobwerera lomwe dokotala anakupatsani. Fodya nayenso achoke, wosuta ndi woika m'kamwa yemwe.

Za kunyumbako, ine ndinganene kuti musawakalipire atamwa, mungotaya malovu. Dikirani m'mawa matsire atatha, muwapatse galasi adzionere okha kabangako. Akakana kumva inu, pezani achimwene awo kapena ankhoswe awaperekeze. Ndipo tsikulo mufunse dokotala kuti akufuna kumawaona pakapita miyezi ingati, mulembe pa kalendala.